Domeni imodzi inatithawa pa $2,400, inzake tinaigula $185: lipoti la ntchito ya kasitomala wina

Kasitomala wa nkhaniyi ndi mayi wina amene ali ndi kampani yaing'ono yopanga pulogalamu yosungira maakaunti a mashopu. Kampani yawo yakhala ikuyenda ndi domeni (dzina la pa intaneti la webusayiti ndi maimelo) ya .net yokhala ndi kamzere (-) pakati, nde vuto linali loti anthu ambiri akamawalembera imelo amaiwala kamzereko, ena amangolemba .com mwachizolowezi, uthenga nkumapita kwa munthu wina amene sakumudziwa nkomwe. Dzina lomwelo la mawu awiri, lopanda kamzere, la .com, linali ndi mwini wake kuyambira kalekale. Mwiniyo atasiya kulipira, mayiwo anandipatsa ntchito yoti ndiwagulire. Dzinalo sindilitchula, ndizingoti dzina loyamba, poti pali lachiwiri likubwera kutsogoloku.

Choyamba chimene ndinawafotokozera nchoti domeni ikatha nthawi sikuti mawa lake ili pamsika ayi. Malamulo a ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, makamaka aja anayamba kugwira ntchito mu 2013, amakakamiza registrar, kampani imene umalembetsako dzina, kukumbutsa mwini dzina kawiri nthawi isanathe, kukatsala mwezi ndi kukatsala sabata, komanso kamodzi pasanathe masiku 5 nthawi itatha. Pa .com, yomwe amayang'anira ndi a Verisign, registrar amakhala ndi masiku mpaka 45 oti aganize chochita ndi dzinalo. Akalitaya limalowa mu redemption masiku 30, mwini wake akhoza kuliwombola koma molipira zambiri, kenako pending delete masiku 5 pomwe palibe amene angalikhudze, kenako limagwa, kutanthauza kuti limamasulidwa kuti aliyense alilembetse. Kungoti mayina abwino safika kogwako kawirikawiri. Maregistrar anazindikira kale kuti muli ndalama m'menemu, nde amaligulitsa okha pa okushoni mkati mwa masiku 45 aja lisanawapulumuke. Ku GoDaddy mwachitsanzo dzina limakwera pa okushoni cha pa tsiku la 26 ndipo limakhalapo masiku 10. Ena amatumiza mayina awo ku NameJet kapena SnapNames, a Dynadot ndi Namecheap ali ndi misika yawoyawo. Nde funso loyamba si loti tibida zingati, ndi loti dzinali lili kwa registrar uti, chifukwa ndi zimenezo zimakuuza khomo loti ukadikirepo. Lathuli linali kwa registrar amene amachita okushoni yake yekha, yoti aliyense wokhala ndi akaunti akhoza kulowa.

Tinakhala pansi kuti tipeze malire athu. Apa mpamene ndimathera nthawi yambiri ndi kasitomala aliyense, kuposa pa kubida kwenikweniko. Ndinatsegula NameBio, komwe amasunga mitengo ya madomeni amene anagulitsidwa poyera, nkufufuza mayina a mawu awiri a .com okhudza za maakaunti ndi mabizinesi ang'onoang'ono. Zimene zinatuluka sizinali mtengo umodzi, zinali zobalalika, ena anapita ndi madola mazana owerengeka, ena masauzande angapo, ndipo ukawayika pamodzi sungaone chifukwa chomwe ili linaposera linzake. Makina a pa intaneti oyerekeza mtengo wa domeni ndinawafunsanso, aliyense ananena zake. Ine makinawa ndimawagwiritsa ntchito pa chinthu chimodzi basi, kudziwa zimene anzanga opikisana nawo akuona pa sikirini yawo, sinanga ambiri amasefa mndandanda ndi manambala omwewo. Koma kuti akuuze dzina litha pa zingati, sangathe.

Nde ndinawatembenuzira funso mayiwo. Ndinati, "Mayi, tiyiwale kaye za msika. Mukapanda kulipeza dzinali, mutaya chani pa chaka?" Anawerengera maimelo osochera, makasitomala amene amatopa nkusiya, ndalama zimene amalipira pa Google kuti dzina la kampani yawo yomwe lizioneka pamwamba. Anawerengeranso njira ina, yoti angosintha dzina la kampani yonse nkutenga domeni yatsopano ya madola ochepa, kuphatikiza kusintha logo, mapepala ndi kudziwitsa anthu. Titaphatikiza zonse tinagwirizana $1,800. Ndinawapempha anditumizire nambala imeneyo pa imelo, yolembedwa, ndi mawu oti kupitirira apa ayi. Ndimachita zimenezi dala chifukwa ndikudziwa momwe mutu wa munthu umasinthira wotchi ikamawerenga masekondi.

Panali chinthu china chimene chinandidetsa nkhawa ndisanayambe nkomwe. Nditalowa pa Wayback Machine ya Internet Archive, komwe amasunga momwe mawebusayiti ankaonekera kale, ndinapeza kuti zaka zam'mbuyo dzinali linali webusayiti ya kagulu kena kophunzitsa anthu kasungidwe ka ndalama, kopanda phindu. Pa Ahrefs ndi Majestic, zida zofufuzira maulalo, linkaonetsa ma backlink (maulalo ochokera ku mawebusayiti ena) ochepa koma olemera, ena ochokera ku mawebusayiti a mayunivesite, ena ku manyuzipepala. Kwa mayi athu zimenezo zinalibe ntchito, iwo ankafuna dzina basi. Koma kuli anthu a SEO, ntchito yokweza mawebusayiti kuti azioneka pamwamba pa Google, amene sayang'ana nkomwe kuti dzinalo likumveka bwanji, amagula maulalowo, ndipo masamu awo ndi ena kotheratu ndi athu. Google mu Malichi 2024 inaika lamulo lonena poyera kuti kugula domeni yotha nthawi nkuidzaza zinthu zachabechabe pofuna kudyera mbiri yake yakale ndi spam, koma ogulawo sanathe, akadalipo ndipo ena amabida mwamphamvu ndithu. Ndinawauza mayiwo kuti tikhoza kukumana ndi munthu wotere ndipo tikakumana naye malire athu akhoza kuchepa.

Tsopano za nthawi yobidira, zomwe anthu amakonda kukangana. Okushoni itayamba ine sindinabide. Masiku anapita dzina lili phee, mabidi ziro, mayiwo nkumandifunsa kuti bwanji osangoika kuti anthu adziwe kuti lili ndi mwini. Chifukwa chake nchoti tsiku lililonse mayina otha nthawi amakhala masauzandemasauzande, palibe munthu amene angawawerenge onse, nde ambiri amangosanja mndandanda potengera amene ali ndi mabidi, pa nsanja yomweyo kapena pa ExpiredDomains.net. Bidi yako yoyamba ndi imene imakweza dzina lija pamwamba pa mndandanda wa wina aliyense. Wagwira ntchito yofufuza, nkuipereka ulele kwa opikisana nawe. Komanso makampani akuluakulu ogula mayina ambirimbiri ali ndi mapulogalamu amene amabida okha, ndipo dzina limene layamba kukopa anthu limawakopanso iwo. Walira mvula walira matope.

Koma kudikira mpaka kumapeto sikuti kumakupambanitsa ayi, ndipo apa mpamene ambiri ozolowera eBay, msika wa okushoni wa pa intaneti, amasokonezeka. Pa eBay nthawi ikakwana yakwana, nde kubida pa sekondi yomaliza kumagwira. Ma okushoni ambiri a madomeni sali choncho, ku GoDaddy bidi ikalowa m'mphindi 5 zomaliza wotchi imawonjezeredwa, ina ikalowa imawonjezeredwanso, mpaka onse atatopa. Alvin Roth ndi Axel Ockenfels analemba za kusiyanaku mu 2002, atayerekeza eBay ndi ma okushoni a Amazon a nthawi imeneyo omwe ankawonjezera nthawi, ndipo anapeza kuti kubida mochedwa kunali kochuluka kwambiri pa eBay. Nde pa madomeni phindu lodikira ndi limodzi lokha, kuchepetsa maso amene aone dzinalo. Amene analiona kale mukumana basi.

Panalinso njira ina yokopa. Dzina likamaliza okushoni opanda bidi olo imodzi, nsanja zina zimaliika pa closeout, mtengo wokhazikika umene umatsika tsiku ndi tsiku, woyamba kudina watenga. Zotchipa kwambiri. Koma kumeneko ukupikisana ndi mapulogalamu amene amadina mwachangu kuposa chala cha munthu, ndipo pa dzina limene kasitomala akulifunadi sindingayike moyo wake pa mpikisano wa liwiro. Closeout ndi ya mayina oti olo akuphonye sugona ndi njala.

Tsiku lomaliza ndinalowa kutatsala mphindi zochepera 10. Mabidi anali akadali ziro. Ndinaika proxy ya $400, kutanthauza kuti makina azindibidira pang'onopang'ono mpaka pamenepo. Sipanathe mphindi, wina analowa. Nsanja imabisa mayina, umangoona kuti wobida 2. Ankakwera pang'onopang'ono, $30, $55, $80, nthawi iliyonse proxy yanga nkumuyankha pompopompo, kubida kwake kukuonetseratu kuti akufufuza pamene ndathera. Ameneyu sanandiopse, ndimawadziwa, ndi ogula kuti akagulitsenso, ndipo munthu wogula kuti akagulitse ayenera kusiya malo a phindu ndi a zaka zimene dzina likhale likudya renewal, ndalama yolipirira dzina chaka ndi chaka, lisanapeze wogula. Anafika cha pa $310 nkusiya. Wotchi inatsika mpaka kutsala mphindi imodzi ndi masekondi, ndinali nditayamba kale kulemba uthenga kwa mayiwo.

Kenako wobida 3 anatulukira, amene sanaonekepo chiyambire. Bidi imodzi yokha, proxy yanga ya $400 inadutsidwa. Ndinakweza kufika $900, makina anandiyankha nthawi yomweyo kuti ndapitiriridwa. Kuyankha kwa pompopompo kumeneko kumatanthauza kuti si munthu akudina, ndi proxy imene inaikidwa kale pamwamba. $1,300, chimodzimodzi. Apa foni inalira.

"Achimwene, ndikuona pano. Musasiye chonde."

"Mayi, tatsala ndi $500 kuti tifike pamalire athu. Ndiika yonse kamodzi, akatidutsa basi tayima."

Ndinaika $1,800. Anatidutsa osachedwa. Mayiwo anakhala chete kaye kenako anati, "Onjezerani 500 ina, ndipeza." Ndinawawerengera imelo yawo ija momwe anailembera, nkuwafunsa ngati pali chimene chasintha pa bizinesi yawo kuyambira tsiku limene analemba, kapena chasintha ndi choti wina akulifuna. Ndinawauzanso kuti ndalama ndi zawo, akanena kachiwiri ndibida. Sananene kachiwiri. Ife titatuluka, wobida 4 analowa, anthu awiriwo anakokana kwa kanthawi, dzina linatha pa $2,400.

Apa pali chinthu chimene ndimafuna aliyense wolowa m'ntchitoyi achimvetse. Mayiwo anati, tangoluza ndi $600 yokha. Sizoona. $2,400 si pamene wopambana anathera, ndi pamene wachiwiri anathera kuphatikiza kakwezedwe kamodzi. Proxy ya wopambanayo mwina inali $2,500, mwina $6,000, palibe angadziwe. Okushoni ya proxy imayenda ngati ija anafotokoza William Vickrey mu 1961, wopambana amalipira mtengo wa amene wamutsatira. Ndiye mtengo umene mumauona pa NameBio wa dzina lotha nthawi sukukuuzani kuti dzinalo ndi lofunika bwanji, ukukuuzani kuti munthu wachiwiri amene anapezeka tsiku limenelo, ola limenelo, anali ndi zingati. Wobida 3 akanakhala kuti tsiku limenelo sanatsegule kompyuta, ndipo wa 4 sanaone dzina likukwera pamndandanda, ife tikanalitenga pa madola 300 ndi kena. Dzina lomwelo, tsiku lomwelo. Nchifukwa chake munthu akandifunsa kuti litha pa zingati ndimamuyankha ndi funso loti ndi magulu angati a ogula amene angalifune, ogulitsanso, a SEO, kapena kampani ina yokhala ndi dzina lofanana. Gulu lililonse lowonjezera likhoza kukweza mtengo kwambiri.

Ndipo kupambana pamtengo wotere si nthawi zonse kumakhala kupambana. Mu 1971 akatswiri atatu a kampani ya mafuta ya Atlantic Richfield, Capen, Clapp ndi Campbell, analemba kuti pa ma okushoni a malo okumba mafuta wopambana kawirikawiri amakhala uja amene wayerekeza mopitirira muyeso kuposa onse. Kwa ogula madomeni kuti akagulitse zimenezi zimawakhudza mwachindunji, onse akuyerekeza chinthu chimodzi, mtengo wa mawa, ndipo wolakwitsa kwambiri ndi amene amatenga. Kwa kasitomala ngati wathuyu nkhani ndi yosiyana pang'ono, mtengo wake amaudziwa yekha kuchokera m'mabuku ake, bola asausiye nkuyamba kutsatira wa mnzake.

Mayiwo anandifunsanso ngati si nsanja yomweyo imene imatikwezera mtengo mwachinyengo. Funso lake si lopusa. Mu 2009 SnapNames inaulula yokha kuti mmodzi wa akuluakulu ake ankabida mobisa kwa zaka ndi dzina loti halvarez, ndipo kampaniyo inalonjeza kubwezera anthu amene anakwezeredwa mitengo. Nde kukayika kulipo m'ntchito muno ndipo kuli ndi pochokera. Pa okushoni yathuyi sindinaone chizindikiro chotero, kabididwe kake kanali ka anthu ofunadi dzina. Chitetezo chimene ndili nacho pa zimenezi ndi chomwecho cha malire olembedwa, chifukwa wokukwezera mwachinyengo amadalira kuti uzimutsatira.

Za UDRP, ndondomeko yothetsera mikangano ya umwini wa madomeni, anafunsanso, kuti sitingakasume kuti dzinalo ndi la kampani yathu? Ndondomeko imeneyi ilipo kuyambira 1999, ndipo ku WIPO, bungwe limodzi mwa oweruza milandu yotere, mlandu wa woweruza mmodzi umayambira $1,500 osawerengera loya. Koma uyenera kutsimikiza zinthu zitatu zonse, kuti dzina likufanana ndi chizindikiro chako cha malonda, kuti winayo alibe ufulu kapena chifukwa chomveka chokhalira nalo, komanso kuti analilembetsa ndi kuligwiritsa ntchito ndi cholinga choipa. Mawu awiri athuwa ndi mawu wamba a m'dikishonale, chizindikiro cholembetsa analibe. Ndinawalangiza asataye ndalama.

Dzina lachiwiri ndinali nditaliona kale pofufuza loyamba lija. Mawu awiri omwewo, kungowonjezera chilembo chimodzi kumapeto chosonyeza zambiri, la .com, lopanda kamzere. Linali kwa registrar wamng'ono amene satumiza mayina ake ku okushoni iliyonse, nde linadutsa redemption yonse nkulowa pending delete. Pa Wayback panalibe kanthu kupatula tsamba loti likugulitsidwa, ma backlink ziro, mbiri ya spam palibe. Kwa a SEO linali lopanda ntchito, kwa mayi athu linali pafupifupi chimodzimodzi ndi loyamba.

Masewera a dzina logwa ndi ena. Verisign imamasula mayina a .com tsiku lililonse cha m'ma 2 koloko masana nthawi ya ku New York, ndipo dzina labwino limatengedwa pa kachigawo ka sekondi, munthu wolemba pamanja sangalipeze. Amene amagwira ndi makampani ngati DropCatch, SnapNames ndi NameJet, omwe amalembetsa maregistrar ambirimbiri kuti akhale ndi mizere yambiri yogogodera kwa Verisign, DropCatch yokha ili nawo mazanamazana. Iwe umangoika backorder, oda yoti akugwirire dzinalo likangogwa. Poti sudziwa agwire ndani, ndipo kwa ambiri umalipira pokhapokha akagwira, ndinaika konsekonse, koma mochedwa, nthawi yotsekera itayandikira, pa chifukwa chomwe chija cha maso. Malamulo ake muwadziwe musanaike. Ku NameJet ndi SnapNames dzina logwa likakhala ndi backorder zingapo limapita ku okushoni yotseka, ya okhawo amene anaika kale. Ku DropCatch okushoni yake imakhala yotsegula kwa aliyense masiku 3, nde munthu amene sanalidziwe nkomwe dzinalo akhoza kudzakulanda. Kampani imene yagwira ndi imene imasankha mtundu wa nkhondo imene umenye, iwe ulibe mawu.

Lathu linagwidwa ndi kampani ya okushoni yotseka. Tinalimo awiri. Malire tinagwirizana $700 poti dzinali silinali lenileni lija. Mu okushoni yotseka palibe chifukwa chobisalira, anthu atsopano sangalowe, nde ndinaika proxy yonse kamodzi tsiku lomaliza nkuisiya. Mnzangayo anayesa pang'ono nkusiya. $185.

Kusiyana kwa chilembo chimodzi, mtengo kusiyana kuposa ka 12. Sindikunena kuti lachiwiri ndi labwino ngati loyamba ayi, loyamba ndi loyera bwino pakamwa ndipo maimelo ena azipitabe kumeneko. Koma kusiyana kwa ubwino wake si kwa ka 12. Zambiri mwa ndalama zimenezo zinali za maulalo akale ndi za anthu awiri amene anapezeka pamalo amodzi nthawi imodzi.

Titalandira dzinalo m'akaunti tinachita zotsatirazi. Silikanatheka kusamutsidwa kupita kwa registrar wina kwa masiku 60 chifukwa ndi lolembetsa kumene, nde tinalisiya komweko, nkungosintha ma nameserver, omwe amalozera dzina ku webusayiti ndi maimelo. Tinalipirira zaka zingapo pasadakhale, poti renewal ya .com ndi yochepa, Verisign inayamba kulipiritsa maregistrar $10.26 pa chaka mu Seputembala 2024 ndipo iwo amangowonjezerapo pang'ono. Tinayatsa auto-renew, tinaika imelo yolumikizirana imene siili pa domeni yomweyo, chifukwa mayina ambiri amatayika chonchi, dzina likatha imelo nayo imafa, zikumbutso nkumapita kopanda munthu. Domeni yakale ya .net sitinaitaye, tinaiika 301 redirect, yotumiza alendo ku yatsopano, ndipo maimelo ake akulandiridwabe.

Dzina loyamba lija pano lili ndi webusayiti yodzaza nkhani zotsatsa ngongole za pa intaneti, zimene zikusonyeza kuti analitengadi ndi a SEO. Mawebusayiti otere ena amakhalitsa, ena Google ikawatsitsa eni ake amawasiya osalipiranso. Ndaliika pa mndandanda wa mayina amene ndimayang'anira tsiku lawo lothera. Likadzabwereranso pamsika tidzayamba ndi kuona mbiri imene alisiyira, chifukwa dzina lolangidwa ndi Google kapena lolowa m'mindandanda ya spam ya maimelo likhoza kuwononga maimelo a kampani m'malo mowakonza, ndipo mayiwo anena kale kuti malire a ulendo umenewo adzakhala otsika kuposa $1,800 poti vuto lalikulu la kamzere latha.